Kodi Yankho Lolondola Lingakhale Bodza?

Tonse tidaphunzitsidwa tili ana kuti bodza ndi kunena chimene sichili choona. Koma atatifunsa bwino, ambiri tikhoza kuvomera kuti tanthauzo limeneli ndi loperewera. Munthu amene wakuuzani kuti basi ya ku Lilongwe yanyamuka kale, iye akukhulupiriradi kuti yanyamuka, pamene basiyo ikadali pa depoti, sitimutcha wabodza, timangoti walakwitsa. Bodza limabadwa pamene pakamwa ndi mumtima zasiyana. Tsono ngati zili choncho, pali funso limene ndifuna kuti tilingalire pamodzi ife a pa koleji pano: nanga munthu amene pakamwa pake patuluka choona, koma mumtima mwake choonacho sakuchikhulupirira, timuike m'gulu liti?

Funsoli likhoza kuoneka ngati la anzathu a filosofi okha, loti azikangana nalo pansi pa mtengo podikira nthawi ya nsima. Koma malo amene limaonekera poyera kwambiri ndi m'kalasi ya fizikisi, pa phunziro loyambirira lenileni, la kayendedwe ka zinthu.

Tengani khobidi, muliponye m'mwamba. Lachoka m'dzanja lanu, likukwera, silinafike potembenukira. Kodi ndi mphamvu ziti zimene zikugwira ntchito pa khobidilo pa nthawi imeneyi? Musathamangire ndime yotsatira. Yambani mwayankha chamumtima.

John Clement adafunsa funso lomweli kwa ophunzira za uinjiniya pa yunivesite ya Massachusetts ku America, ndipo zimene adapeza adazisindikiza m'chaka cha 1982. Adawapempha kuti ajambule mivi yosonyeza mphamvuzo. Ambiri adajambula mivi iwiri: wina woloza pansi, kusonyeza kukoka kwa dziko, ndi wina wautali woloza kumwamba, umene ankati ndi mphamvu ya dzanja limene laponya. Maganizo awo adali omveka ndithu. Khobidi likukwera, kotero payenera kukhala china cholikweza, ndipo cholikwezacho chiyenera kuposa cholikokera pansi. Likafika pamwamba penipeni ndiye kuti mphamvu ziwirizo zalingana. Kenaka ya dzanja yatha, khobidi nkubwerera. Koma yankho la Newton ndi lakuti, tikapatula mpweya umene ukulitchinga pang'ono, muvi ndi umodzi wokha, woloza pansi. Dzanja lidatsiriza ntchito yake pa nthawi imene khobidi lidasiyana nalo. Palibe cholikankha. Likukwera chifukwa lidayamba kukwera, ndipo dziko likulilanda liwiro pang'onopang'ono, pafupifupi mamita 10 pa sekondi m'sekondi iliyonse. Ngati lachoka m'dzanja ndi liwiro la mamita 5 pa sekondi, pakutha pa theka la sekondi liwirolo latheratu, khobidi litakwera mita imodzi ndi kota. Ngakhale pamwamba penipenipo, pamene laima kwa kamphindi, kukoka kwa dziko kuli chimodzimodzi. Kukadakhala kuti kwalingana ndi mphamvu ina, khobidilo likadangokhala pomwepo m'malere osatsikanso.

Chodabwitsa sichidali kulakwa kwa amene adali asanayambe phunziroli. Clement adafunsanso amene adali atatsiriza kosi yonse ya kayendedwe ka zinthu, anthu oti malamulo a Newton adawaphunzira, masamu ake adawachita, ndipo oposa theka adajambulabe muvi wa dzanja uja. Ku Paris, Laurence Viennot adali atapeza kale zofanana ndi zimenezi m'chaka cha 1979. Iye ankaonetsa ophunzira chithunzi cha mipira ingapo imene ili m'malere, yonse pa msinkhu umodzi kuchokera pansi, koma wina ukukwera, wina ukutsika, wina ukupita cham'mbali, nkuwafunsa ngati mphamvu imene ikugwira ntchito pa mipirayo ili yofanana. Ambiri adati ayi, poti kwa iwo mphamvu imatsata kumene chinthu chikupita ndi liwiro limene chikupitira. Michael McCloskey ndi anzake pa yunivesite ya Johns Hopkins adayesa njira ina m'chaka cha 1980. Adajambula paipi yopindika, yogonekedwa pa tebulo, nkufunsa kuti kampira kotulukira ku mapeto a paipiyo kayenda motani. Gulu lalikulu ndithu lidajambula njira yopindika, ngati kuti kampirako kakukumbukira kumene kachokera. Chikhalirecho kamayenda molunjika, monga umachitira mwala umene mnyamata wauzunguza pa chingwe nkuutaya.

Ndi chinthu chapafupi kuseka anthu amenewa, ndipo alipo ena pakati pathu, makamaka a chaka chachitatu ndi chachinayi, amene kuseka kotere amakukonda. Ine ndikuona kuti oyankha motere si opusa. Akuyankha zimene moyo wawaphunzitsa kwa zaka makumi awiri, tsiku ndi tsiku, popanda tchuthi. Ngolo imayenda ng'ombe zikamakoka. Zikaima, ngolo yaima. Njinga pa msewu wa dothi imafuna kupalasa. Mukaleka, posakhalitsa mutsika. Wilibala, mpira wa chikulunga, nguli imene ana amaikwapula kuti isagwe, zonsezi zimachitira umboni lamulo limodzi: chimene chikuyenda chili ndi chochiyendetsa, ndipo chochiyendetsacho chikatha chinthucho chimaima. Mwana amene wakula akuona zimenezi, nkutolapo lamulo limeneli, wachita chimene wasayansi aliyense amayenera kuchita. Wayang'ana, waona zobwerezabwereza, wamanga mfundo. Chimene sadachione ndi chakuti m'zitsanzo zonsezi muli mdani wobisika, kukhulana kwa matayala ndi dothi, kwa chitsulo ndi chitsulo, kwa chinthu ndi mpweya, ndipo mdani ameneyu ndi amene amaimitsa ngolo. Mdaniyu sachoka. Palibe tsiku limene mwana wa ku Ntcheu, kapena wa ku Boston, adaonapo chinthu chikuyenda popanda kukhulana ndi kanthu.

Ndipo anthu amenewa ali m'gulu la akuluakulu. Aristotle, amene adakhala ku Greece zaka zoposa 2,300 zapitazo, adaphunzitsa kuti chinthu chimene chakakamizidwa kuyenda chimafuna chochikankha nthawi yonse. Mwala woponyedwa udamuvutitsa, popeza dzanja latsala m'mbuyo. Tsono iye adati mpweya ndi umene umapitiriza ntchito ya dzanja. John Philoponus wa ku Alexandria, m'zaka za m'ma 500, adakana zimenezi, nati woponyayo amaika mphamvu ina mkati mwa mwalawo. Jean Buridan wa ku Paris, m'zaka za m'ma 1300, adaitcha mphamvuyo impetus, ndipo pofuna kugwetsa mfundo ya mpweya adatchula nguli, imene imazungulira nthawi yaitali pa malo amodzi osasiya mpata woti mpweya uikankhire kumbuyo. Muvi wautali uja umene ophunzira a Clement adajambula ndi mdzukulu wa maganizo amenewa. Palibe adawaphunzitsa za Philoponus. Adafika okha pamene iye adafika. Kuchokera pa Aristotle kufika pa buku la Newton la 1687 padapita zaka pafupifupi 2,000, ndipo m'zaka zonsezo mudali anthu a mitu yakuthwa. Ife timafuna kuti mwana wa fomu 3 ayende ulendo womwewo m'masabata awiri, choko chili m'manja mwa mphunzitsi, iye akukopera.

Ndipatukeko pang'ono pa nkhani ya chilankhulo, poti magazini ino ndi ya anthu okonda mawu. M'Chichewa mawu akuti mphamvu amasenza katundu wambiri. Mphamvu ndi za munthu wolima, ndi za mankhwala, ndi za mfumu, ndi za magetsi, ndi za batire. Timati mphamvu zandithera, ngati kuti ndi ufa wa m'thumba. Tsono ukamuuza mwana kuti mpira ulibe mphamvu yoyendetsa pamene ukuuluka kupita ku golo, khutu lake limakana, chifukwa mpirawo ukamumenya pamimba adziwa kuti uli ndi kanthu. Ndipo sakunama: uli nako kanthu, kamene a fizikisi amakayeza pochulukitsa kulemera kwake ndi liwiro lake, koma kanthuko si kukankha. Kukankha kumafuna awiri, wokankha ndi wokankhidwa, ndipo sikusungidwa m'thumba. Komabe tisafulumire kuimba mlandu chilankhulo chathu monga amachitira ena amene amaganiza kuti nzeru zimayankhula Chingerezi. Ophunzira a Clement ankayankhula Chingerezi, a Viennot Chifalansa, ndipo adagwa m'mbuna yomweyo.

Chinthu china chimene chimandichititsa chidwi ndi chakuti thupi limadziwa zimene pakamwa sipadziwa. Kondakitala wa minibasi akamatsika galimoto isanaime, satsika ngati munthu wotsika pa khonde. Amatera akuthamangira kumene minibasi ikupita, chifukwa miyendo yake ikudziwa kuti thupi likadali ndi liwiro la galimoto ngakhale lasiyana nayo. Ameneyo ndi Newton wopanda buku. Koma McCloskey atafunsa anthu kuti mpira umene munthu wautaya akuyenda ugwera pati, ambiri adati ugwa molunjika pansi pa malo amene wautayira, ena adati ugwera m'mbuyo. Kotero mwa munthu mmodzi mukhoza kukhala alendo atatu osapatsana moni: miyendo ili ndi nzeru zake, mtima uli ndi zake, ndipo cholembera cha pa mayeso chili ndi zake.

Apa tsopano tafika pa mutu wa nkhani. Ibrahim Halloun ndi David Hestenes, pa yunivesite ya Arizona State, adasindikiza m'chaka cha 1985 zotsatira za mafunso amene ankapereka kwa ophunzira kosi isanayambe ndiponso itatha. Mafunsowo adali opanda masamu, ongofunsa kuti chinthu chichita chiyani ndipo chifukwa chiyani. Adapeza kuti maganizo amene ophunzira adabwera nawo adasintha pang'ono chabe, ndipo sizidatengere kwenikweni kuti mphunzitsi adali yani. Kuchokera pa ntchito imeneyi padatuluka mayeso otchedwa Force Concept Inventory m'chaka cha 1992. Eric Mazur wa ku Harvard, atamva za mafunso a mtundu umenewu cha m'ma 1990, adaganiza kuti ophunzira ake sangavutike nawo, nawapatsa. Iye amasimba kuti mayeso ali mkati wophunzira wina adakweza dzanja nkumufunsa kuti ayankhe motani: monga momwe adaphunzitsidwira m'kalasi, kapena monga momwe iye amaganizira za zinthu zimenezi masiku onse.

Kwa ine wophunzira ameneyu ndi amene adali woona mtima kuposa onse m'chipindamo. Adaulula chimene ambiri amachibisa, mwina osadziwa nkomwe kuti akubisa: kuti ali ndi mitu iwiri pa khosi limodzi. Mutu wina ndi wa mphunzitsi, umavalidwa polowa m'kalasi ngati yunifolomu, ndipo umadziwa kuti mphamvu ndi kulemera kuchulukitsa ndi kusintha kwa liwiro. Mutu winawo ndi wake weniweni, umene amapita nawo ku msika. Akapatsidwa funso lokhala ndi manambala, mutu wa mphunzitsi umadzuka, kusankha fomula, kuikamo manambala, kutulutsa yankho, malikisi khumi. Akapatsidwa funso lopanda manambala, fomula ilibe pogwira, ndipo mwini nyumba amatulukira.

Kodi ameneyu akalemba yankho la Newton pa pepala la mayeso, wanama?

Womuikira kumbuyo akhoza kunena kuti ayi, popeza mayeso safunsa za mumtima. Amafunsa chimene Newton adaphunzitsa, ndipo wophunzirayo wachinena molondola, monga momwe wophunzira za zipembedzo angafotokozere chiphunzitso cha mpingo umene iye sapempherako. Mfundo imeneyi ili ndi mafupa, koma sindikuganiza kuti ikukwanira. Wophunzira za zipembedzo uja amadziwa kuti akufotokoza za eni ake, ndipo womuyesa amadziwanso chimodzimodzi. Koma satifiketi ya fizikisi sinena kuti mwini wake amatha kubwereza mawu a Newton. Imanena kuti munthuyu akudziwa m'mene zinthu zimayendera, ndipo ndi chifukwa cha umboni umenewu kuti amapatsidwa kalasi ya ana makumi asanu ndi atatu, kapena mlatho woti amange. Pamenepo pepala lanena chimene sichili mwa munthuyo. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Ambiri a ife amene tikuchita sayansi ndi zauphunzitsi tidzaima kutsogolo kwa ana a sekondale. Tsiku lina mwana wochenjera adzafunsa kuti, aphunzitsi, nanga ngati palibe chokankha, mpira ukupitiriranji? Ndipo mphunzitsi wa mitu iwiri adzachita chimodzi mwa ziwiri: adzayankha ndi mutu wake weniweni nkuphunzitsa za Buridan m'dzina la Newton, kapena adzati zimenezo sizibwera pa mayeso, kopera notsi. Chachiwirichi ndi chimene chimandiopsa kwambiri, chifukwa pamenepo mwanayo waphunzira kuti funso lake loona ndi losafunika.

Taganizani za Galileo. M'chaka cha 1633, ku Rome, akuluakulu a mpingo adamukakamiza kukana ndi pakamwa pake kuti dziko limayenda mozungulira dzuwa. Iye adali ndi choona mumtima, pakamwa nkutulutsa chimene akuluakulu ankafuna kumva. Wophunzira wathuyu ali ndi choona pakamwa, mumtima muli zina, ndipo nayenso akutulutsa chimene akuluakulu akufuna kumva. Timamvera chisoni Galileo, ndipo wophunzirayu timamuombera m'manja pa tsiku lolandira digiri. Koma ntchito imene awiriwa achita ndi imodzi: kuyang'ana nkhope ya wofunsa nkupereka yankho loti apulumukire. Mwangozi chabe, chimene wofunsa wa lero akufuna kumva ndi choona. Akadakhala kuti silabasi ikuti mwala umakankhidwa ndi mpweya, wophunzira yemweyu akadaloweza zimenezo ndi khama lomwelo nkukhoza chimodzimodzi. Kukhoza kwake sikukutiuza kanthu za Newton kapena za Aristotle. Kukungotiuza kuti amamvera.

Wina anditsutsa kuti, kodi iwe ukufuna aliyense ayambe wadziyesera yekha chilichonse asanachivomere? Ayi, zimenezo sizingatheke, ndipo kukhulupirira odziwa si tchimo. Palibe mmodzi wa ife adali pa mwezi mu Ogasiti 1971 pamene David Scott wa chombo cha Apollo 15 adataya hamala ndi nthenga ya mbalame pa nthawi imodzi, ziwirizo nkufika pansi limodzi popeza kumeneko kulibe mpweya wotchinga nthenga. Palibe adaperekeza chombo cha Voyager 1, chimene chidanyamuka mu 1977 nkupitirira mapulaneti onse chikuthamanga makilomita pafupifupi 17 pa sekondi popanda injini yochikankhira kutsogolo. Zimenezi timazilandira kwa ena, ndipo tili ndi zifukwa zabwino zozilandirira. Koma kukhulupirira ndi kuloweza ndi zinthu ziwiri. Chimene wachikhulupirira chimalowa mkati nkusintha zimene ukuyembekeza kuona. Chimene wangochiloweza chimakhala pa alumali mpaka tsiku la mayeso. Njira yosiyanitsira ndi yapafupi. Mufunseni munthuyo kuti, titabetcherana ndalama yako yonse ya mwezi uno, ukuti kampira katuluka m'paipi molunjika kapena mopindika? Kumene aike ndalama yake ndi kumene kuli chikhulupiriro chake.

Galileo yemweyo adaiona nkhaniyi. M'buku lake la 1632, limene adalilemba ngati kukambirana kwa anthu atatu, muli mtsutso wa mwala wotayidwa kuchokera pamwamba pa mlongoti wa chombo chimene chikuyenda. Otsatira Aristotle ankati mwalawo ugwera m'mbuyo, kutali ndi tsinde la mlongoti, popeza chombo chasuntha mwala uli m'malere. Galileo adaonetsa kuti anthu amenewa ankangolandirana mfundoyi, wina kuitenga kwa mnzake, popanda woti adakwerapo pa mlongoti. Pierre Gassendi adachitadi zimenezi pa chombo ku Marseille m'chaka cha 1640, ndipo mwala udagwera pa tsinde. Chimene chidali cholakwika mwa otsatira Aristotle sichidali kulakwitsa kokha, poti kulakwitsa ndi kwa aliyense. Chidali chakuti mfundo yawo sadaiike pa malo oti nkugwa. Ndipo wophunzira amene amasunga Buridan mumtima ndi Newton pa pepala wachita zomwezo kawiri: Buridan wake sayesedwa chifukwa wabisika, Newton wake sayesedwa chifukwa sakumukhulupirira.

Tsono mlandu ndi wa yani? Pano ndiyankhula mwaulemu kwa aphunzitsi athu amene amawerenga magazini ino, podziwa kuti wakutsina khutu ndi mnansi. Mwana sabadwa ndi mitu iwiri. Amaphunzira kukhala nayo, ndipo amaphunzira msanga chifukwa malipiro ake ndi oonekeratu. Kuyambira ku pulayimale, wonena maganizo ake enieni nkulakwitsa amasekedwa, mwina kukwapulidwa kumene. Wobwereza mawu a m'buku amapatsidwa malikisi. Malo ku sekondale ndi ochepa, ku yunivesite ndi ochepetsetsa, ndipo kumbuyo kwa wophunzira aliyense kuli abale amene adagulitsa mbuzi. M'mavuto otere kubisa chimene ukuganiza ndi nzeru yopulumukira, ndipo sindingamutche wabodza munthu amene sadapatsidwepo mpata wina. Koma sindingatchenso zimenezi maphunziro. Mphunzitsi amene amalemba lamulo pa bolodi, kuchita zitsanzo zitatu za manambala, nkupereka mayeso a manambala okhaokha, sadzadziwa konse chimene chili m'mitima ya ophunzira ake, ndipo mwina safuna kudziwa, popeza kudziwa kungamusokonezere mtendere. Awiriwa apangana mwakachetechete: iwe usandifunse chimene ndikuganiza, ine sindikuuza kuti sindidamve.

Ku labotale pangano limeneli limafika poipa. Aliyense amene adalowamo akudziwa chimene chimachitika pamene wotchi ndi kachingwe zakupatsani 11.3 pamene buku likuti 9.8. Ndi angati amene amalemba 11.3 nkufufuza chifukwa chake? Manambala amakonzedwa usiku ku hositeli mpaka agwirizane ndi buku. Apa ndiye palibe chokambirana, limeneli ndi bodza la mtundu wakale, ngakhale kuti nambala imene yalembedwayo ili pafupi ndi choona kuposa imene idayezedwa. Ndipo sindikhulupirira kuti chizolowezi chotere chimatsala m'labotale. Munthu amene wakhala zaka 16 akuphunzira kuwerenga nkhope ya wofunsa sadzaleka tsiku lolandira digiri. Adzapita nacho ku ofesi, kumene lipoti lidzanena chimene bwana akufuna, ndi ku misonkhano, kumene manja adzakwera onse pamodzi. Koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Chimene Mazur adachita atazindikira vutoli sichidali chodula. Adayamba kufunsa funso lopanda manambala pakati pa phunziro, aliyense nkusankha yankho payekha, kenaka nkutembenukira kwa mnzake wa yankho losiyana kuti amukope. Poteteza yankho lako uyenera kutulutsa chifukwa chako chenicheni, ndipo chikatuluka chimakumana ndi cha mnzako. Mnzako amene wangomvetsa kumene dzulo amakumbukira pamene padamuvuta, pamene pulofesa adaiwala kalekale kuti padali povuta. Richard Hake adasonkhanitsa zotsatira za makosi 62, a ophunzira oposa 6,000, nazisindikiza mu 1998. Makalasi amene ophunzira ankakambirana ndi kuyesa maganizo awo adapindula pafupifupi kawiri kuposa amene ankangomvetsera. Sindikunena kuti zimene zidatheka ku Harvard zingangotengedwa nkuikidwa m'kalasi ya ana zana limodzi yopanda mipando yokwanira. Koma kufunsa munthu chimene akuganiza, nkumulola kuti alakwitse popanda chilango, sikufuna magetsi.

Pali chinthu chimodzi chimene chimasokoneza mfundo yanga, ndipo sindichibisa. Andrew Shtulman ndi Joshua Valcarcel adaonetsa m'chaka cha 2012 kuti maganizo akale safa ngakhale mwa anthu amene aphunzira sayansi. Akapatsidwa ziganizo kuti anene msanga ngati zili zoona kapena ayi, amachedwerapo pa ziganizo zimene sayansi ikutsutsana ndi maganizo a paubwana, ngakhale potsiriza ayankhe molondola. Kuchedwako ndi chizindikiro chakuti mkati muli kulimbana. Ngati zili choncho, ndiye kuti palibe amene ali ndi mutu umodzi wokha, ngakhale aphunzitsi athu omwe. Buridan amakhalabe m'nyumba, wangosamutsidwira ku chipinda cha kuseri. Kodi pamenepa tonse ndife abodza? Ndikuganiza kuti ayi, ndipo kusiyana kwake ndi uku. Wodziwa fizikisi akaona khobidi likukwera amamva liwu lakale likumuuza kuti pali cholikankha, amalizindikira liwulo, amadziwa kumene lidachokera ndi chifukwa chake limanyenga, ndipo amatha kuliyankha ndi zifukwa zimene iye mwini akuzivomera. Mwa iye mitu iwiriyo idakumana, idakangana, wina udapambana mlandu. Mwa woloweza sidakumanepo. Wina umagwira ntchito Lolemba mpaka Lachisanu, wina Loweruka ndi Lamulungu.

Choncho yankho langa ndi lakuti inde, yankho lolondola likhoza kukhala bodza, pamene likuperekedwa ngati umboni wa kumvetsa kumene kulibe. Koma ndi bodza limene mwini wake kawirikawiri salidziwa, ndipo limayamba kukhala mlandu wake pa tsiku limene walizindikira nkusankha kupitiriza. Amene mwawerenga mpaka pano, ngati pa khobidi lija mudajambula mivi iwiri mumtima, tsiku limenelo ndi lero, ndipo palibe chochititsa manyazi. Philoponus akadajambula chimodzimodzi.

Zoyesera zake sizifuna labotale. Lole imene ikuyenda makilomita 36 pa ola ikupita mamita 10 pa sekondi. Munthu wokhala kumbuyo kwake atulutse dzanja cham'mbali, mita imodzi ndi kota kuchokera pansi, nkutaya lalanje pamene akudutsa pa mtengo wina wa m'mbali mwa msewu. Lalanjelo litenga theka la sekondi kuti lifike pansi. Ngati mutu wa kumsika ukunena zoona, ligwera pa tsinde la mtengowo. Ngati Galileo akunena zoona, ligwera pafupifupi mamita 5 kutsogolo kwa mtengo, pansi pa dzanja limene lalitaya, kupatulako pang'ono pamene mpweya ulibwezere m'mbuyo. Wopanda lole agwiritse ntchito njinga ndi mwala. Mtundawo uchepa koma uonekabe. Chofunika ndi chakuti aliyense woonerera ayambe walemba ndi inki, pa pepala limene mnzake asunge, pamene iye akuti lalanje ligwera, lole isananyamuke.